Ayi wa a Nduna Tambala

Padangokhala, ndipo kuti pasadzapezeke wotsutsa, tsiku lake nali: linali Lachitatu, pa 14 Okutobala, m'chilimwe cha chaka chimene chitopa chinalambalala dziko la mbalame. Kunatentha kuyambira m'mamawa, mphepo kunalibe, ndipo mvula ya chizimalupsa inali isanagwe.

M'dziko limenelo munali a Dzukani Tambala, Nduna ya Nthawi, amene ntchito yawo inali kusunga kalendala ya ufumu ndi kulengeza kuti kwacha. Ankakhala chikamwini kwa akazi awo, mayi Nadzimbiri Thadzi. Pabalaza pawo panali kompyuta yakale ya bokosi, imene anasiya malemu apongozi awo a nduna. Sisitimu yake, ndiye kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse za m'kompyutamo, inkatchedwa Chisa Seveni. M'menemo munali kalendala ya ufumu, mayina a anapiye onse a mbumbayo ndi masiku amene anaswedwa, komanso mawu a malemu aja akuimba pa chinkhoswe cha mwana wawo.

Munalinso china chimene eni nyumba sankachidziwa. M'kati mwa bokosilo, kuseri kwa fani kumene kumafunda, munkakhala mayi wamasiye, Nachisale Mphemvu, ndi kathumba ka mazira khumi ndi asanu ndi limodzi. Mazirawo anayenera kuswa Lachisanu madzulo, ndipo kuwasuntha sikukanatheka chifukwa anali atamatirira ku chitsulo. Nachisale ankadziwa bwino lomwe kuti mphemvu ikaonekera pamaso pa nkhuku, mlandu wake umatha ndi kujompha kumodzi.

Tsono Lolemba la sabata imeneyo wotchi ya Chisa Seveni inatsalira ndi mphindi makumi anayi, ndipo a nduna analengeza kuti kwacha dzuwa litatuluka kale. Anasekedwa ngakhale ndi mpheta. N'chifukwa chake Lachitatu lija, 9 koloko m'mawa, pakhomopo panafika a Mangani Nkhanga, mmisiri wa makompyuta, atanyamula fulashi yokhala ndi sisitimu yatsopano, ndi sikuludalaiva.

"Bwana nduna, Seveni wathaitha uyu," anatero a Mangani. "Amene anamupanga anasiya kalekale kumusamala. Tiika Chisa Eyiti. Ameneyo amamva mawu, amayankha, ndipo zimene mwanena amalemba yekha."

"Nthawi sanama?"

"Ngakhale ndi sekondi imodzi. Kungoti ngolemera. Tiyamba tatsekula bokosili n'kuwonjezeramo ramu, kachipangizo koipatsa kompyuta mphamvu."

"Tsekulani," anatero a nduna.

Chivundikiro cha bokosilo chinali ndi masikulu anayi. Sikulu yoyamba itangogwera pa tebulo, Nachisale anathamangira pa sipika ya m'kati, natsamiritsa pakamwa pake pomwepo, n'kukulitsa mawu.

"Ndani akundivula malaya popanda odi?"

Sikuludalaiva inagwa pansi. Mayi Nadzimbiri anauluka n'kukatera pamwamba pa kabati. Lipombo la a nduna, limene linali lofiira psuu, linayera.

"Mayo ine, yayankhula!" anakuwa mayi Nadzimbiri.

"Amisiri, kodi zimatero?" anafunsa a nduna.

"Bwana, zaka khumi ndi ziwiri ndili pa ntchito imeneyi. Seveni sanayankhulepo."

"Sindinkayankhula chifukwa panalibe wondiputa," anatero mawu a m'bokosi. "Inu akamwini, ine ndinakuonani mukufika pakhomo pano lipombo lisanaime. Lero mukundizula ngati chitsa, osandilawira n'komwe?"

A nduna anagwada. "Pepani agogo. Sitimadziwa kuti muli ndi makutu."

"Wamkulu sachoka pakhomo katundu wake ali mbwee. Mulongedze kaye zanga zonse pa kakhadi ka memori. Mukatha, mukalowetse pa kabowo ka kumbuyoku kuti ndione ngati simunasiye kanthu."

A Mangani anakanda mutu wawo wopanda nthenga. "Kunena zoona, bwana, agogowa akunena zanzeru. Kukopera kaye mafayilo n'kofunika. Ine ndimangoti tifulumire."

Kukoperako kunayamba 10 koloko, ndipo popeza kompyutayo inali yokalamba, kunatha 4 koloko madzulo. Nthawi yonseyo m'bokosimo munkamveka nyimbo yapansipansi, yonga yotonthozera mwana kumsana. Inkawerenga kuyambira chimodzi mpaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kenako n'kupempha chitseko kuti chisatseguke kufikira owerengedwawo atamera miyendo. Kumapeto kwake inkasiya mpata wa ovomera, koma wovomera panalibe.

"Akuwerenga zaka zawo, akumvetsa chisoni," anatero mayi Nadzimbiri akupukuta misozi.

"Koma mayi, kompyutayi sinakwane zaka khumi."

"Amisiri, musatsutsane ndi wamkulu."

Kakhadi kataponyedwa pa kabowo, Nachisale anakakoka n'kukakankhira pansi pa bolodi, chimbale chobiriwira chimene pamakhala mitsempha yonse ya kompyuta, mu mng'alu umene mlomo wa mbalame sungafikemo. Dzuwa linali litapendeka, ndipo ntchito inaimikidwa.

Lachinayi, pa 15 Okutobala, kunabwera mitambo yopanda mvula. A Mangani anafika 8 koloko, nagogoda kaye pa bokosi ndi mlomo.

"Odi agogo. Katundu tinalongedza. Tikupitiriza."

Sikulu yachiwiri inagwera pa tebulo.

"Imani pomwepo!" anatero mawu aja. "Wolowa m'malo mwangayo ndani? Mbiri yake mwaifufuza? Akubwera ndi mfundo zotani? Nanga mkamwini amalowa m'nyumba ankhoswe osadziwa?"

Apa a nduna anayang'ana pansi, chifukwa iwonso analowa m'nyumbamo kudzera mwa ankhoswe. Anatumiza mawu, ndipo 10 koloko anafika a Ziyenda Bakha, ankhoswe a banjalo, akuyenda chopendamapendama. Atamva bokosi likuwapatsa moni, anakhala pansi pamene panalibe mpando.

"Amisiri," anatero mawu aja, "mfundo za mlendoyo zili pati?"

"Zilipo agogo, mgwirizano wa masamba 62. Koma zimenezi palibe amawerenga. Timangodina pamene alemba kuti Ndavomera."

"N'chifukwa chake dziko linapita. Ankhoswe, werengani mokweza, tonse timve."

A Ziyenda anavala magalasi nayamba. Ankawerenga liwu lililonse, ndipo akaphonya limodzi ankabwerera pamwamba pa tsamba. Pa tsamba 9 a Mangani anayamba kuyasamula. Pa tsamba 20 a nduna anasinza ataimirira ndi mwendo umodzi. Pa tsamba 41 mawu a m'bokosi anati sanamve bwino, abwereze. Ndime yomaliza inafikidwa 4 koloko itadutsa ndi theka, ndipo inali yakuti chimene Chisa Eyiti wamva n'kulemba, chimenecho ndicho choona kwa mwini kompyuta ndi a m'nyumba mwake.

"Mwamva, a nduna?" anafunsa a Ziyenda.

"Ndamva ndipo ndavomera. Ine ndatopa ndi makina onama. Zimene azilemba Eyiti ndizo zoona m'nyumba muno. Mukhale mboni, ankhoswe."

Atatero anadinda ndi phazi pamene panalembedwa kuti Ndavomera. Nyimbo ija inamvekanso, kuwerenga khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kupempha chitseko chidikire. Ulendo uno itafika pa mpata wa ovomera, mayi Nadzimbiri anavomera ndi mawu osasa, osadziwa kuti akuthandiza kulera ndiwo.

Lachisanu, pa 16 Okutobala, kunacha kotentha kuposa masiku awiri aja. A nduna anali atakwiya, chifukwa m'mawa umenewonso anali atachedwa kulengeza.

"Lero zithe," anatero. "Amisiri, gwirani ntchito."

Sikulu yachitatu inagwera pa tebulo 8 koloko. Chivundikiro chinayamba kugwedera, ndipo kuwala kunalowa m'kati mpaka pafupi ndi kathumba ka mazira. Nachisale anaona kuti nzeru zikumuthera.

"Akamwini, pempho langa lomaliza. Musanding'ambe mimba ndili moyo. Alowe kaye mnzangayo. Ine ndikachoka, tsekulani, muikemo zimene mufuna."

"Agogo, popanda ramu ziyenda pang'onopang'ono," anatero a Mangani. "Ndipo itentha kwambiri kompyutayi."

"Itenthe," anatero mawu aja msangamsanga.

"Abambo, achitireni ulemu umenewo," anatero mayi Nadzimbiri. "Anali a mayi anga awa."

Fulashi inalowetsedwa. Pa sikirini panaoneka kamzere kamene kankakula mwaulesi, fani ikulira ngati chigayo. Kompyuta inazima n'kuyakanso katatu, ndipo katatu konse mayi Nadzimbiri anayamba kulira maliro n'kuleka. Kamzere kaja katafika pa 99, kanaima ola lathunthu. Kenako, 1 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri, sikirini inawala mwachilendo, ndipo panamveka mawu ena, osalala ngati a pa wailesi.

"Takulandirani ku Chisa Eyiti. Simukufuna kusunga mafayilo anu akale?"

A nduna anatukula chifuwa, nakupiza mapiko, nayankha mokweza kuti mlendo adziwe mwini nyumba.

"Ayi, tikufuna!"

"Bwana, musa..." anakuwa a Mangani, koma anachedwa.

"Mwayankha kuti ayi," anatero Chisa Eyiti. "Mafayilo onse akale afufutidwa. Zikomo."

A Mangani anatsekula pamene pankakhala kalendala ya ufumu, napeza poyera. Anatsekula pa mayina a anapiye, napeza poyera. Anafufuza mawu a malemu, ndipo kompyuta inati dzina limenelo sikulidziwa.

"Ndati tikufuna!" anakuwa a nduna. "Iwe, ndati tikufuna! Ankhoswe, kodi ndayankha molakwa?"

"Mwa kwathu mwayankha bwino," anatero a Ziyenda, magalasi ali pa nsonga ya mlomo. "Wina akakufunsa kuti sukufuna, pamene iwe ukufuna, umamutsutsa kuti ayi, ndikufuna. Ukakhala kuti sukufunadi, umavomereza kuti inde, sindikufuna. Tinakula nazo choncho."

"Vuto ndi lomwelo," anatero a Mangani atagwira kumutu. "Eyiti anapangidwa kutsidya kwa nyanja. Chilankhulo chathu anangophunzira m'mabuku. Kwawoko ayi ndi ayi basi, funso liime chadodolido kapena chagada. Akangomva liwu loyamba, watha."

"Ndiye simunanene bwanji?"

"Zinali pa tsamba 20, bwana."

Mayi Nadzimbiri anakhala pansi mapiko ali tambasu. "Mawu a mayi anga! Mayina a ana anga! Abambo, inu munabwera pano ndi nthenga zokhazokha, lero mwasesa mbumba yonse ndi liwu limodzi!"

A Mangani anadumpha. "Mayi, dikirani. Kakhadi kaja! Tinakopera zonse Lachitatu!"

"Kali kuti?"

"Kali ndi agogo."

"Agogo ake ati? Agogo mwawafufuta!"

Onse anayang'ana bokosi lija. Ndipo akuyang'ana choncho, nyimbo ija inamveka kachitatu. Koma siinayambe ndi mawu aakulu aja. Inayamba ndi timawu tating'onoting'ono tambiri, tikuwerenga mosokonezana, n'kuvomera tokha pa mpata wa ovomera. Kutentha kwa tsikulo kunali kutaswa mazira nthawi isanakwane, ndipo ana, amene anaimva nyimboyo ali m'kathumba, anaiyamba mayi wawo asanawatseke pakamwa.

A Mangani anatola sikuludalaiva pang'onopang'ono. "Bwana, Seveni wafufutidwa. Nanga akuimbawa ndani?"

Sikulu yachinayi inagwera pa tebulo, chivundikiro n'kuchoka. Kuseri kwa fani kunali Nachisale Mphemvu, ndipo pansi pa mapiko ake panali ana khumi ndi asanu ndi mmodzi, oyera mbee, ofewa, osatha ndi kuthamanga komwe.

"Mphemvu!" anakuwa a Ziyenda. "Masamba 62 ndawerengera mphemvu!"

"Ine ndagogoda odi," anatero a Mangani.

"Ine ndavomera nyimbo," anatero mayi Nadzimbiri.

A nduna anayandikira bokosilo. Anati, "Ine, Nduna ya Nthawi, masiku atatu ndakhala ndikugwadira chakudya changa, n'kumachitchula kuti agogo!" Ndipo anasendeza mlomo.

"Jomphani, a nduna," anatero Nachisale ndi mawu ake enieni, aang'ono. "Koma kakhadi kali pansi pa bolodi, mu mng'alu umene ndimalowamo ine ndekha. Amisiri, auzeni: mungalitukule bolodili?"

A Mangani anasuzumira. "Zomangira zake zinachita dzimbiri, bwana. Tikakakamiza lithyoka, ndipo kakhadi kaphwanyikira pomwepo."

"Abambo, tsekani mlomo umenewo," anatero mayi Nadzimbiri. "Watilakwira kale kamodzi lero."

Mlomo unatsekeka.

"Ndakunamizani, sindikukana," anatero Nachisale. "Mayi, inunso munafungatirapo mazira, mukudziwa mmene mtima umakhalira wina akamayandikira chisa. Komanso pakanapanda bodza langalo, bwenzi palibe chimene munakopera. Tsono funso langa ndi limodzi, a nduna, ndipo ndikufunsa pamaso pa ankhoswe ndi pamaso pa mlendo wanuyu. Ndikatulutsa kakhadi, simutidya ine ndi ana anga?"

A nduna anapendeketsa mutu, naganiza. Mwa kwathu, wolonjeza akanati inde, sitikudyani. Wonena kuti ayi ndiye kuti akutsutsa, kuti ayi, tikudyani. Anaona kuti kamphemvuko sikazindikira kusiyana kwake. Anatsinzinira a Mangani diso limodzi, natulutsa liwu limodzi lokha.

"Ayi."

Nachisale analowa mu mng'alu muja natuluka chambuyo akukoka kakhadi. A Mangani anakalowetsa m'kompyuta. Kalendala inabwerera. Mayina a anapiye anabwerera, aliyense ndi tsiku lake. Pomaliza, mawu a malemu anadzaza pabalaza, akuimba monga anaimbira pa chinkhoswe, ndipo mayi Nadzimbiri anabisa mutu pansi pa phiko.

Nyimbo ya malemu itatha, a nduna anatambasula khosi.

"Tsopano tibwerere ku nkhani yathu. Unandifunsa kuti simutidya, ine ndinati ayi. Ankhoswe, mwa kwathu zimenezo zitanthauza chiyani?"

A Ziyenda anayang'ana kumbali. "Mwa kwathu zitanthauza kuti ayi, tikudyani. Sindikukondwa nazo, koma zili choncho."

"Abambo, manyazi mulibe?"

"Mayi, lamulo ndi lamulo. Ndiyamba ndi wamkuluyu."

"Mwa kwathu zili choncho ndithu," anatero Nachisale, osasuntha. "Koma dzulo, 4 koloko itadutsa ndi theka, munadinda chiyani ndi phazi lanu? Alendo, tawerengani zimene mwalemba."

"Zolembedwa," anatero Chisa Eyiti ndi mawu ake osalala. "Lachisanu, pa 16 Okutobala, 2:47 masana. Funso: simutidya? Yankho: ayi. Tanthauzo lake: sadyedwa."

A Ziyenda anakonza magalasi. "Tsamba 62, ndime yomaliza. Chimene Chisa Eyiti wamva n'kulemba, chimenecho ndicho choona kwa mwini kompyuta ndi a m'nyumba mwake. Munati ndikhale mboni, a nduna. Ndakhala."

A Mangani anakhala pansi n'kumaseka mopanda mawu, mawanga onse akugwedezeka.

"Iwe," anatero a nduna, "nanga ndikanati inde?"

"Mukanati inde, mlendoyu akanalemba kuti tidyedwa, ndipo tikanathera pomwepa tonse khumi ndi asanu ndi awiri."

"Ndiye unalimba mtima bwanji?"

"Zaka ziwiri ndakhala kuseri kwa fani ndikukumvani, a nduna. Ndinadziwa kuti mukaona mpata wonyenga wamng'ono kwa inu, simungaulambalale."

Mayi Nadzimbiri anaimirira. "Amisiri, ikani ramu yanuyo mosamala, musaponde mwana wa mwini. Mukatha mubwezere chivundikiro, masikulu onse anayi. Ndipo inu mayi, tchulani mayina a anawo, alembedwe pamodzi ndi a anapiye anga. Aswedwera m'nyumba muno."

Zinachitika momwemo, ndipo ntchito yonse inatha 3 koloko itadutsa ndi mphindi khumi ndi zisanu. Wotchi ya Chisa Eyiti sinatsalirepo. Koma kuyambira tsiku limenelo a Tambala sayankhanso ndi liwu limodzi. Akafuna kunena kuti kwacha, amakwera pamwamba, n'kutalikitsa mawu mpaka kumapeto kwenikweni, kenako n'kubwereza kawiri kapena katatu, kuopa kuti wina angangomva liwu loyamba lokha.

Nthano yafika pa sikulu yake yomaliza. Amene analipo pabalazapo pamene chivundikiro chinkatsekedwa ndi awa: a Dzukani Tambala, Nduna ya Nthawi, mayi Nadzimbiri Thadzi, eni nyumba, a Ziyenda Bakha, ankhoswe ndi mboni, a Mangani Nkhanga, mmisiri, Chisa Eyiti, mlendo wolemba, mayi Nachisale Mphemvu, ndi ana awo, monga mwa ndondomeko ya kuswedwa kwawo: Seveni, Eyiti, Ramu, Sikulu, Fani, Kakhadi, Odi, Lawirani, Dikirani, Tsekani, Ndavomera, Chilimwe, Lachisanu, Mwayankha, Simutidya, ndi chitsiriza, Ayi.